Mchere wa a Dominiko

Dublin, Ireland
17 Novembala 1957

Okondedwa akulu anga a Ebelesi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Pembamoyo, ndipo mvula yoyamba yakupezani mutakonza kale mizere. Ine thupi lili bwino, koma mutu ndiye wasokonekera. Kalatayi muwerenge muli nokha, osati pamaso pa alamu.

Paja Masisitere atatisinthanitsa, atsikana awiri akuno kupita ku mishoni kwathu, ine ndi Imelda kubwera kuno kudzaphunzira unamwino, anandiika pakhomo pa a Dominiko ndi akazi awo a Jenipher. Ndi nkhalamba zabwino, zokhala ziwiriziwiri. A Dominiko amanditchula Filo, ndipo sakhuta kundifunsa ngati kwathu mikango imalowa m'tchalitchi. Ndinawauza kuti imalowa, koma imakhala kumbuyo chifukwa sinabatizidwe. Anaseka mpaka kutsamwa.

Tsono mwezi watha ndinali kumwezi. A Jenipher ankaphika nyama ndi mbatatesi, wina n'kugogoda pakhomo. Potuluka anangoti, "Filo, thira mchere mumphikamo." Kwathu ndikanapempha wina kuti andithirire, koma kuno ndipemphe yani? Nanga mzungu ungamufotokozere bwanji zimene anatilangiza anamkungwi, zoti mkazi akathira mchere masiku amenewo amadula amuna a pakhomo? Ndinaima ndi supuni m'manja, ndikudziuza kuti ndine Mkhristu, ndine wophunzira, ndipo mdulo sungawoloke nyanja. Ndinathira.

Sabata isanathe a Dominiko anayamba chifuwa. Kenaka mapazi anatupa, nsapato n'kukana kulowa.

M'kalasi ndinkalemba za mtima ndi mitsempha, mpaka aphunzitsi kundiyamikira. Koma ndikafika kunyumba n'kuona miyendo ija, mtima unkangoti wapha munthu, wapha munthu. Ndinapita kukalapa, koma nditagwada ndinasowa dzina la tchimolo m'Chingerezi. Ndinangoti ndinathira mchere m'chakudya. Wansembe anafunsa, "Wambiri?" Anandipatsa Tikuoneni Mariya atatu, ndiyesa chifukwa chowatayitsa nthawi. Imelda ndiye anandiopseza: "Iwe, tseka pakamwa! Ukaulula atibweza tonse kumudzi, ati Masisitere anatumiza mfiti."

Lachisanu lina kunabwera dokotala. Anadina mwendo wa a Dominiko ndi chala, kadzenje n'kutsala pomwepo. Anamvetsera pachifuwa, n'kutembenukira kwa a Jenipher. "Kuyambira lero mchere asaulawenso," anatero. "Mchere ndi umene ukuwatupitsa."

Ine kumva mawu amenewo, ndinagwada pakati pa chipinda ndikulira, "Ndine! Ndinathira ndine!" Ndipo ndinaulula zonse, za kumwezi zomwe, pamaso pa amuna awiri. Manyazi ake sindidzawaiwala.

Dokotala anavula magalasi, n'kuwavalanso. Anati mtima wa a Dominiko unatopa kalekale ine ndisanabwere, ndipo mchere umasunga madzi m'thupi posayang'ana dzanja limene lathira. A Jenipher anandidzutsa, nati, "Mwana iwe, ine ndamuthirira mchere mwamunayu zaka makumi anayi, mwezi ndi mwezi." Koma atatero anaonjeza kuti amayi awo sankalola mkazi wotere kuyandikira popanga batala, ati amakana kugwirana. Pamenepo a Dominiko anatulutsa mutu m'bulangete, nati ngati dzanja la Filo lili ndi mphamvu chotere liziwathirirako mobisa, chifukwa chakudya chozizirachi ndiye chiwaphe msanga.

Sanandibweze. A Dominiko akupezako bwino, dzulo nsapato imodzi yalowa. Koma ine sindikudziwa poima. Dokotala akuti si mdulo, komabe waletsa mchere, ndipo kutupa kukuphwa. Anamkungwi ankanenanso mchere womwewo. Kodi ananama, kapena anaona choona n'kuloza munthu wolakwika? Ndikafuna kuwaseka ndimachita mantha, ndikafuna kuwakhulupirira ndimachita manyazi. Mwezi uno masiku aja atafika, ndinathokoza mumtima kuti mchere anaubisa m'kabati.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Mukukumbukira miyendo ya atate? Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinkaidina ndi chala, kadzenje n'kutsala, ine n'kumaseka. Ndi kadzenje komweko, akulu anga, ndakaona ndi maso angawa. Ndipo mukukumbukira azakhali a Elinata pamaliro a atate paja, akuloza amayi pagulu kuti, "Mwamudula mlongo wanga ndi mchere wanu." Kuyambira tsiku limenelo amayi sanagwirenso mchere. Zaka khumi ndi ziwiri akhala akuima pambali pa mphika wawo womwe, kudikira wina adzawathirire.

Pali chimene sindinakuuzenipo. Ine azakhali ndinawakhulupirira. Chaka chonse chija ndinkadya kwanu ndikunamizira kuti ndimakonda ndiwo zanu, chonsecho ndinkaopa mbale ya amayi. Iwo ankadziwa. Ankangondisambitsa m'manja n'kunena kuti, "Pita kwa akulu ako, chakudya chingazizire."

Moni kwa alamu a Zakeyu ndi ana onse. Moni kwa azakhali a Elinata, ngakhale cholembera chalemera polemba dzina lawo. Makamaka moni kwa amayi. Musawawerengere kalatayi, sindinapeze mawu owayenera. Koma Lamulungu mukatereka ndiwo, muwaikire mchere m'manja, munene kuti Philomena wapempha kuti athire okha. Ndipo inu mudye iwo akuona, mupemphenso zina.

Mundilembere ngati alola.

Ndine mng'ono wanu,
Philomena