Tsubaki pakhomo pa wodwala

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire ndithu, ndipo ndili m'komiti ya chikondwerero cha maluwa a tsubaki kuno kwathu. Chaka chilichonse alendo amatsika sitima n'kumatifunsa kuti, "Nanga maluwa anu otchukawo ali kuti?" Sanama ayi. Mitengo yathu ili kuphiri ndi kuseri kwa mipanda, m'tauni muno tsubaki amangooneka wojambula pa zikwangwani ndi pa mabotolo a mafuta. Ndiye ine ndi pakamwa pangapa ndinapereka ganizo loti tiike tsubaki wamumphika pakhomo lililonse mumsewu wochokera kudoko mpaka kumsika. Anthu anaomba m'manja, ine n'kumadzimva.

Mumsewu umenewo muli nyumba ya Kinuyo, mnzanga wa paubwana. Amuna ake, bambo Shigeharu, akhala chigonere kwa miyezi ndi matenda a m'mapapo. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti wodwala sapatsidwa chomera chamumphika, poti naye angamere mizu pogona pakepo. Tsubaki ndiye woposa, chifukwa duwa lake silithothoka pang'onopang'ono, limagwa lonse kamodzi ngati mutu wodulidwa. Choncho khomo lawo ndinati ndilidumphe.

Koma bambo Shigeharu anandiimbira foni Kinuyo atapita kokagula mankhwala. Anati, "Alamu, ndamva kuti mukufuna kundidumpha. Mwandiika kale m'manda eti? Msewu wonse ufiire, pakhomo panga pokha pakhale pululu, odutsa aziloza kuti umu akudikira maliro? Ndayenga mafuta a tsubaki moyo wanga wonse, mutu ndikadali nawo. Bweretsani wofiira kwambiri. Koma mnzanuyo musamuuze kuti ndine, angandidye wamoyo."

Ndinaseka, ndipo ndinawapititsira. Posakhalitsa duwa loyamba linagwa pakhomopo, ndipo tsiku lomwelo anathamangira nawo bambowo kuchipatala, kupuma kukuvuta. Kinuyo anabwera kwathu atanyamula mphika uja, anauika pansi bwinobwino n'kunena kuti, "Iwe, alendo ako aone maluwa, ine ndione chiyani?" Chichokereni pamenepo sitinachezenso. Tikakumana kumsika amandiweramira mwaulemu ngati mlendo, ndipo zimenezo zimandiwawa kuposa akanandilalatira.

Ndikunong'oneza bondo, Aphungu. Bwenzi nditangokana pafoni paja. Madokotala akuti masiku awo atsala ochepa. Kodi ndiulule, ndiswe lonjezo kwa munthu wodwala, kapena ndikhale chete nditaye mnzanga?

T.N., Fukue

Mayi T.N.,

Duwa silinadwalitse munthu, ndipo Kinuyo akudziwa zimenezo. Ali ndi mantha, mphika wanuwo ndi umene wangopezeka pafupi. Koma nanunso musadziyeretse. Munavomera kusungira chinsinsi mwamuna wa mnzanu pa nkhani imene munadziwa kuti imupweteka. Ndipo ndikukayikira kuti mzere wofiira wopanda mpata uja unakukopani pang'ono.

Musayambire kwa Kinuyo. Mukamuuza inu, zimveka ngati mukukankhira mlandu munthu wosatha kudzuka. Pitani kuchipatala chimanjamanja, duwa la mtundu uliwonse lisale kunyumba. Kawauzeni bambo Shigeharu mosapita m'mbali kuti chinsinsi chawo chakudanitsani, ndipo mkazi wawo akusenza zonsezi yekha, wopanda mnzake womuphikira ngakhale kamsuzi. Apempheni anene okha. Anenenso chifukwa chake, pakuti mkaziyo ayenera kumva kuti amuna ake ankaopa kuwerengedwa ngati akufa akadapuma. Mwina zimenezo awiriwo sanauzanepo.

Akatero, inu mupepesebe kwa Kinuyo, ndipo mawu akuti "ndinangotumidwa" asatuluke. Nenani kuti, "Ndinayenera kufunsa iwe poyamba." Akapanda kuyankha tsiku limenelo, musamukakamize, bwereraninso. Za chikondwerero siyirani ena chaka chino, ndipo muiuze komiti yanuyo kuti izigogoda n'kufunsa isanaike mphika pakhomo pa munthu.

Koma ndikuchenjezeni, mayi: musazengereze. Bambowo akatisiya asananene, nkhaniyi mufe nayo. Tsiku limenelo mawu anuwo sadzathandizanso aliyense, adzangomveka ngati mukunamizira malemu, ndipo Kinuyo sadzakhala ndi woti amufunse.