Manja Anayi a Apongozi

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Apongozi aamuna afika masana kuchokera ku Mburuma. Ndinagwada kuti ndiwathirire madzi osamba m'manja, koma nditayang'ana ndinaona manja anayi. Ndinasankha awiri akumanzere. Madzi onse anathera pa thalauzi lawo. Iwo anangodzipukuta.

"Alamu, mwayamba kachasu dzuwa lili pamutu?" anatero mlamu wanga Esinati. Onse anaseka. Ine ndinangoti pepani, maso pansi.

Adokotala a ku Lusaka anati matenda anga ndi a mitsempha, amafoola miyendo ndi manja pang'onopang'ono. Dzanzi la kumapazi ndalizolowera, patapata akavuka ine osamva sindidabwanso. Koma za maso sanandiuze. Lero ndi tsiku lachitatu ndikuona zinthu ziwiriziwiri. Ndayesa kangapo: ndikatseka diso limodzi, mbuzi yathu ndi imodzi, ndikatsegula zili ziwiri. Chikope chakumanja chikugwa ngati cha munthu wa tulo.

Amuna anga sindinawauze. Akauza amayi awo, adzati awa si matenda a kuchipatala, andiwolotsere ku Zumbo kwa ng'anga, mankhwala ndisiye. Ndalemba zonse pakapepala kuti ndikapatse anesi Lolemba, chifukwa pakamwa ndidzachita manyazi.

Madzulo ano mwana wanga Dalitso anakwawira kumoto ndikuphika. Ndinaona ana awiri. Ndinatseka diso msanga, ndi kumugwira mwendo. Sanapse. Koma Lolemba lili kutali, ndipo mawa ndidzakhala naye ndekha pano...