Makalata a Salanieta

Kunkhalango (dzina la malo atiletsa kulemba)
9 Meyi 1944

Okondedwa achemwali anga Vasemaca,

Ndili moyo, musade nkhawa. Kungoti mapewa anatha. Malamba a chikwama adya mnofu mpaka malaya amamatirira pachilonda, povula ndimachita kuluma mano. Amayi musawauze zimenezi.

Mukudziwa kuti msuweni wathu Peceli ndiye amagwira mfuti yaikulu m'gulu lathu. Ine ndine bulu wake. Zipolopolo zake zili pamsana panga, mpope wosinthira mfutiyo ikatentha uli pamsana panga, kuwonjezera fosholo, mabomba, madzi ndi zitini za nyama. Koma kuwombana kukatha, akuluakulu amasisita iyeyo paphewa, wosenza samuona n'komwe. Izo ndikanapirira. Chimene chinandidya mtima ndi makalata a Salanieta.

Inu ndinu mboni kuti mtsikana uja ndinayamba kumuona ndine, kungoti pakamwa panga m'polemera, ndiye Peceli anandipitirira ndi nthabwala zake. Salanieta walembera Peceli makalata asanu ndi awiri, ine ngakhale mzere umodzi ayi. Tikunyamuka ulendo wokasaka adani, Peceli anabwera nawo kwa ine atawakulunga m'kansalu, akuti m'thumba mwake thukuta liwawononga, ndimusungire. Ankaseka, akuti bulu sangathyoke msana ndi timapepala. Kwathu ku Fiji msuweni akapempha sukana. Ndinalandira.

Ndinawawerenga onse, achemwali. Tikaima kuti tipume ndinkalowa patchire ngati wotsekula m'mimba, n'kumawerenga mpaka ndinawaloweza pamtima. Tsiku lachinayi tinafika pamtsinje wosefukira, sajeni n'kulamula kuti aliyense ataye zosafunika kuti madzi angatikokolole. Anzanga anataya mabulangete ndi zitini. Ine bulangete ndinasunga, ndinataya makalata. Ndisaname, mtima unakhala pansi nditawaona akupita ndi madzi.

Mawa lake bomba linaphulika patsogolo pa Peceli. Tinamunyamula pamachira masiku awiri, ine kumutu, katundu wanga ali pamsana pomwepo. Moyo ali nawo, koma m'maso amumanga nsalu, ndipo adokotala sakulonjeza kanthu.

Lamulungu masana ndinakamuona mutenti ya odwala. Anandipempha kuti ndimuwerengere kalata yachitatu, ija Salanieta amasimba za bwato la abambo ake. Ndinakhala pambali pake manja ali lende, n'kuyamba kunena za pamtima. Sindinaphonye liwu. Nditamaliza, iye anati:

"Msuweni, pepala lako n'laulemu bwanji. Silichita phokoso ngakhale pang'ono."

Ndinasowa poika nkhope, ngakhale sankandiona.

"Makalata aja anali olemera, eti?" anandifunsa.

"Anali olemera."

"Ndinkadziwa. Ndinakusenzetsa dala, ndimafuna zikuwawe. Tonse ndife afiti, iwe. Tayamba yachinayi."

Ndinayamba. Kuchokera tsiku limenelo ndimapita masana aliwonse kukamuuza, ndi pakamwa pangapa, mawu achikondi a mtsikana amene ndinkamufuna ine. Iye amamwetulira pansi pa nsalu zake. Musandiyese mngelo, nsanje sinathe. Nthawi zina ndimasirira ngakhale bedi limene wagonapolo.

Pempho langa nali. Pitani nokha kwa Salanieta mukamuuze za maso a Peceli asanamve kwa anthu a m'njira. Mumuuze alembe msanga kalata yatsopano, ndidzamuwerengera bwinobwino, osadumpha kanthu. Koma akamva za masowo n'kubwerera m'mbuyo, musandilembere zimenezo, achemwali. Ndikuopa kuti ndingakondwere.

Moni kwa amayi, muwauze kuti ndikulakalaka chinangwa chawo ndi nsomba ya m'kokonati. Moni kwa alamu ndi ana onse, ndi kwa azakhali, amayi ake a Peceli, amene muyenera kuwafikira mofatsa. Kwa Salanieta mukapereke moni wa Peceli. Wanga musamupatse.

Ndine mlongo wanu,
Isikeli