Mkazi wa Pakhonde

Kasungu Boma,
18 Seputembala 2010.

Okondedwa achimwene a Kizito,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko ndipo chisanu chakusiyani. Kuno tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe. Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumafulumira kudula, pomwe nkhani ndili nayoyi si yokamba maso ali pa mayunitsi. Muwerenge mutakhala pansi.

Pulani ya nyumba yanu ndinamaliza, ya zipinda zitatu ndi khonde lalikulu loyang'ana kudimba monga munanenera. Abwana anga a Davison anandilola kugwiritsa ntchito kompyuta ya muofesi. Nditaimika nyumbayo m'pulogalamu yathu yojambulira, ndinairenda. Kurenda ndiko kuuza kompyuta kuti ithire dzuwa, mithunzi ndi penti mpaka nyumba ioneke ngati yajambulidwa ndi kamera. Makina athu ndi nkhalamba, chithunzi chimodzi chimadya masana onse, ndiye chitangotuluka ndinasindikiza osachiyang'anitsitsa, n'kukwera minibasi ya ku Santhe ndikudzitama ngati ndafolera kale.

Alamu anga, amake Princess, ndinawapeza akusanja uvuni wa njerwa, fumbi mpaka m'nsidze. Anapukuta manja pachitenje n'kulandira pepala lija akumwetulira. Posakhalitsa nkhope inagwa.

"Faustina, uyu ndani?"

Achimwene, pulogalamu imeneyi ukangoitsegula umapeza munthu ataima kale, woyerekezerapo kutalika kwa zitseko ndi mazenera. Ndi mkazi wochepa thupi, wovala thalauza, dzanja lili m'chiuno. Ife tinamuzolowera moti sitimuonanso. Ameneyo ndiye anali ataima pakhonde panu, pafupi ndi chitseko, ngati mwini nyumba.

Ndinaseka, ndipo pamenepo ndinalakwitsa. Ndinawauza kuti ndi chidole cha m'kompyuta. Iwo anati, "Chidole chovala thalauza la ku Joni? Fodya ndisoke ine, njerwa ndiumbe ine, pakhonde aime wina? Ngati achimwene ako anakutumizira chithunzi chake, ungonena." Anasiya uvuni uli pakati n'kukalowa m'nyumba.

Musawaone ngati ofooka nzeru. Ndi amuna angati kwathu kuno amene apita ku okushoni ndi mabelo n'kubwerako ndi akazi? Inu mwatha zaka zinayi osaponda pakhomo. Pa kalembera wa makuponi a feteleza alamu anawaika m'gulu la amayi okhala okha, anthu onse akumva. Amalume awo, a Jeremiya, anabwera kuchokera ku Lisasadzi, ati ngati zili choncho atenga mbumba yawo, ndi ana omwe. Amayi tsiku limenelo sanadye.

Ndinabwerera ku boma nditalumbira kuti mkazi ameneyu ndithana naye. Ndinamudina, ndinamufufuta, ndinarendanso. Magetsi anathima chithunzi chili pakati, ndinayambiranso m'mawa mwake. Chitatuluka, pakhonde panalibe munthu. Loweruka ndinapita nacho kumudzi, ulendo uno pamaso pa amayi ndi a Jeremiya.

Alamu anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaika chala pazenera la chipinda chogona.

"Wamuchotsa panja, wamulowetsa kuchipinda."

Ndinachilanda. M'galasi la zenera munali mkazi yemwe uja, wotuwa pang'ono, dzanja lili m'chiuno pompaja. Amayi anakuwa kuti, "Yesu, Maliya!" A Jeremiya anangotola chipewa chawo. Ine manyazi anandigwira, koma mkwiyo unaposa. Ndinawapempha alamu kuti asamange katundu mpaka nditabweranso.

Lolemba ndinayamba kumusaka. Ndinachotsa denga n'kusuzumira chipinda ndi chipinda, munalibe. Ndinayatsa zonse zobisika, zimene timazizimitsa kuti zisatisokoneze pojambula, sanaoneke. Tobias, mnzanga wa muofesi, anati, "Iwe, ungoika katani pazenerapo, nkhani ithe." Ndinakana. Munthu ali kuseri kwa katani ndiye kuti alimobe, ndipo alamu anga si mwana.

Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakhala phee n'kudzifunsa kuti kodi galasi limaonetsa chiyani. Limaonetsa zimene zili patsogolo pake. Ndiye kuti mkaziyo sanali m'nyumba ayi, anali panja, kumbuyo kwa kamera. Nditaitembenuza kamerayo ndinaona chigafa cha fodya chimene ndinakopera ku pulani ina yakale pothawa kujambula chatsopano. Nditatsegula chigafacho, uyo, ali njo pakati pa mizati! Anabwera womangidwa pamodzi ndi chigafa. Ndinamufufuta, n'kuyendera chilichonse chimene ndinakopera kwina, chimbudzi, thanki la madzi, mitengo. Pansi pa mtengo wa mango ndinapezanso wina.

Sindinafunenso kupita ndi pepala lokha. Ndinawatenga alamu n'kubwera nawo ku ofesi. Ndinatsegula pulani yatsopano iwo akuona, mkazi uja ali njo. Ndinatsegula ya sitolo ya munthu wina, alimo. Ndinatsegula ya nyumba ya ansembe.

"Ngakhale kwa abambo mfumu?" anafunsa, n'kuseka mpaka misozi. Misoziyo sinasiye pamene kuseka kunathera, ndipo Tobias anatuluka panja mwaulemu.

Tsiku lomwelo ndinawajambula alamu, n'kudula chithunzi chawo m'kompyuta ndi kuwaimika pakhonde paja pamodzi ndi ana anu, Princess ndi Sankhani, amene ndinali ndi zithunzi zawo kale. Poyamba anatuluka akulendewera m'malere, mapazi osagunda simenti, mthunzi uli pawokha. Ndinawatsitsa pang'onopang'ono mpaka anaponda. Iwo anapisa m'chikwama n'kutulutsa chithunzi chanu chija munatumiza pa Khirisimasi, chimene amasunga m'buku la nyimbo.

"Uwaikeponso abambo ake Princess, apa pambali pangapa."

Anatuluka kukagulira ana mabanzi, ine ndinalowetsa chithunzicho m'kompyuta n'kuchikulitsa kuti ndikuduleni bwino. Achimwene, ntchito yanga ndi yodula zithunzi, ndimadziwa pamene padutsa sizasi. Mbali ya kumanzere inadulidwa. Ndipo paphewa panu, m'mphepete mwa jekete, panatsala nsonga za zala zopaka utoto wofiira. Papepala sizioneka kwenikweni, koma pa kompyuta zinali zazikulu ngati nthochi.

Kuzifufuta sikukananditengera nthawi, n'kosavuta kuposa kusaka munthu m'chigafa. Sindinafufute. Alamu atabwera ndinawauza kuti chithunzicho n'chosawala, sichingatheke. Ndinawanamiza, ndipo zikundiwawa, chifukwa mayi ameneyu ndiye amasambitsa amayi athu mwendo ukatupa. Sindinauze wina aliyense. Mwina ndi mnzanu wa kutchalitchi, mwina ndi mwini nyumba imene mukukhala. Ngati ndi choncho, mundikhululukire. Koma ndikudziwani, ndipo ndikudziwa kuti chithunzi chosalakwa sachidula.

Alamu abwerera ku uvuni, akuwotcha Lachisanu likudzali. A Jeremiya anena kuti adikira mpaka mvula yodzalira, mukapanda kuoneka atenga anthu awo. Ine ndinachotsa atatu amene ndinawalowetsa ndekha. Ngati kuli wachinayi, kompyuta yanga singafike kumeneko, ameneyo ndi wanu.

Chithunzi chomaliza ndachiika m'kalata muno. Muona kuti kudzanja lamanja la alamu kuli malo, pakati pa iwo ndi mzati. Ndawasiya dala. Sindikuikanipo ndi kompyuta, ngakhale mutanditumizira chithunzi china chowala bwanji. Bwerani mudzaime pamaziko nokha, ndidzakujambulani ndi manja angawa.

Amayi akupereka moni, ati muwagulire mankhwala opaka aja ndipo musatumize pa basi, mubwere nawo. Princess wayamba kuimba kwaya ya ana. Alamu sakudziwa kuti ndikulemba, koma chithunzi chanu anachibwezera m'buku la nyimbo. Sankhani anayang'ana nyumba ija n'kundifunsa ngati abambo ake angalowe pachitseko osawerama. Ndamuuza kuti adzaona yekha.

Ndine mlongo wanu amene akudikira,
Faustina.