Makina a Gilibati atsekeredwa kwa atsibweni ake

Mulungu ngwamkulu! Aleluya! Gilibati wanga wayenda yekha mpaka kutchalitchi, popanda womugwira! Pepani Agogo, ndayamba ndi nthungululu moni ndisanapereke. Muli bwanji kumeneko? Ine kuno ku Mitundu mtima uli mbee.

Sukulu ndinalekera panjira, ndiye zolakwika muzikonza nokha. Gilibati ndi mwana wa malemu achimwene anga, ine ndine azakhali ake. Ndi mnyamata, sanakwatire n'komwe. Anali telala pakhonde la golosale ina pa Nathenje. Nthawi ya kampeni ija ankasoka malaya a zipani zonse osasankha, anthu ali pamzere. Mavoti atangotha, tsiku lina anangogwa pamakina. Pakamwa panapotoka, mbali yakumanja yonse n'kufa. Kuchipatala anati ndi sitiroko, bipi inakwera. Kumudzi anati ayi, mnyamata sadwala zimenezo, atelala anzake amumenya hamala yamatsenga chifukwa cha nsanje.

Ndinamutenga ine poti kwathu n'kufupi ndi chipatala. Ndamusambitsa, ndamumwetsa phala ngati khanda. Adokotala anati azifinya kampira, ine kampira ndikatenge kuti? Ndinkamupatsa chimanga azitong'ola. Poyamba njere imodzi thukuta kamukamu, lero akudzaza lichero.

Lamulungu lapitali potuluka m'tchalitchi, mkulu wina wampingo anatambasula dzanja, Gilibati n'kupereka lamanzere. Mkulu uja anabweza lake, amvekere, "Mwana iwe, ulemu unausiya kuchipatala?" Ine manyazi, kufuna kulowa pansi. Koma mwanayo, ndi lilime lake lolemeralo, anati, "Lamanja lili patchuthi bambo, landirani lomwe lili pantchito." Anthu kuseka! Mkuluyo nayenso kuseka, n'kumugwira ndi manja onse awiri.

Tsono vuto ndi ili. A Yohane, eni golosale, atumiza mawu kuti khonde amusungira mokwanira, akapanda kubwera mvula isanagwe aikapo telala wina. Koma makina atsekeredwa kwa atsibweni ake a Lackson, alongo awo a mayi ake. Nditapita kukapempha anandiyankha kuti, "Mwana ndi wathu uyu, inu akuchimuna musatilamule. Mukufuna akamumalize komweko? Ndiponso ndani angasoketse kwa munthu wolandira nsalu ndi manzere?"

Gilibati atamva anati, "Azakhali, ndikakhala m'nyumba muno ndiye ndifadi. Mwendo ukutha kupalasa makina. Sizasi yokha ndi imene ikundikana."

Agogo, ine sindibwerera m'mbuyo. Ndaganiza zobwereka ngolo, ndikatenge makinawo a Lackson ali kudimba. Ndilakwa kodi? Ndiyankheni msanga, mitambo yayamba kale kusonkhana. Mwezi ukatha, ndikagulitsa mtedza wanga, ndikutumizirani kangachepe mumwe Fanta. Musakane.

E.P., Mitundu.

Mayi E.P.,

Nthungululu zanu zandipeza, ndipo nanenso ndaimba yanga. Mwagwira ntchito, mayi. Koma ngoloyo isiyeni kaye. Mukatenga makina mwakuba, mupeza makina n'kutaya abale, ndipo Gilibati akadzangodwala ngakhale chimfine adzati mwamupha ndinu.

A Lackson si mdani wanu, ali ndi mantha. Pitaniko ndi mayi ake a mwanayo, mutengenso mkulu wampingo anaseka uja, poti anaona ndi maso ake. Inu mukakhale chete pang'ono, alankhule Gilibati mwini wake. Makina ndi ake, moyonso ndi wake. Mukawapemphe atsibweniwo kuti tsiku lokayezetsa bipi amuperekeze iwowo, akadzimvere okha kwa adokotala kuti sitiroko imagwiranso achinyamata. Za hamala musalimbane nawo. Mungowafunsa kuti, ngati wina anamuchitiradi nsanje, kumubisa m'nyumba si kumupatsa munthuyo zomwe ankafuna?

Mawa lomwe tumizani yankho kwa a Yohane kuti mwini khonde akubwera. Adokotala akavomera, ayambe pang'ono: m'mawa mokha, masiku ena apume. Ayambe ndi zigamba, kupinda nsalu ndi kubweza zovala zazikulu. Zodula agwirizane ndi telala mnzake mpaka dzanja litalimba. Musadabwe akamatopa msanga kapena kupsa mtima ulusi ukamukana, matendawa amatero.

Zolandira ndi manzere, yankho analipeza kale yekha pakhomo la tchalitchi. Wobweretsa buluku long'ambika amayang'ana msoko, osati dzanja.

Ya Fanta ija ndakana, ngakhale mwati ndisakane. Isungeni ikhale ya basi yopitira kuchipatala.

Chenjezo langa ndi ili: kuyenda si kuchira. Mankhwala a bipi asasiye ngakhale akumva bwino, mchere muchepetse, fodya ndi kachasu asayandikire. Uzaninso a Yohane kuti akadzaona pakamwa papotoka, mawu akumangika kapena dzanja lalefuka, asadikire abale, athamange naye kuchipatala. Ndipo tsiku lopita ku Nathenje ngolo ija mubwerekedi, koma makinawo akweze a Lackson ndi manja awo.

Agogo.