Mng'ono wanga walemba khanda langa pamodzi ndi akufa

Mwana wanga amulemba pamodzi ndi anthu akufa, ndipo lero ndi tsiku lachiwiri thupi likutentha.

Agogo, pepani ndayamba osakupatsani moni, mutu suli m'malo. Ndine mayi wa zaka 23, sukulu ndinalekezera kilasi 5. Ndimasunga mng'ono wanga Yunike, amene anachoka kumudzi ku Chiuta kudzaphunzira sekondale kuno ku Insaca. Anali mwana wabwinobwino mpaka purofesora, mphunzitsi wawo, atawayambitsa izi akuti sosiolojia.

Chiyambireni, pakamwa sipatsekeka. Tikamadya amafunsa, "Achemwali, bwanji mutu wa nsomba umapita kwa alamu tsiku lililonse?" Ndikati ndi mwambo, iye amati, "Anauyamba ndani?" n'kulemba. Mwezi watha anakafunsa amayi mayina a abale onse, ngakhale aja anawasiya m'manda ku Malawi nthawi yothawa nkhondo. Amayi akulira, iye akulemba.

Dzulo ndikusesa ndinatsegula kaderno wake, kope lolembamo za kusukulu. Agogo inu! Muli tozungulira ndi tamakona atatu, kalikonse ndi dzina lake. Omwalira onse wawadula ndi kamzere. Pansi penipeni pali Samueli wanga wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mzere ukuchoka pa iye kukwera mpaka kwa malemu agogo athu aakazi. Kwathu ana sitiwawerenga n'komwe, nanga kuwamangirira kwa akufa? Tsiku lomwelo mwana anayamba kutentha, bere akukana.

Nditamufunsa anangoseka. "Achemwali, ndi ntchito ya kusukulu, ndikapereka Lolemba." Bambo a Samueli ali kunyanja, abwera Loweruka. Kadernoyo ndamukwirira m'thumba la mpunga. Ndimafuna kumuwotcha, koma ndikuopa kuti dzina likapsa mwana apsa nalo. Kuchipatala sindinapite, jakisoni angafufute zolembedwa ngati?

Chonde Agogo, bwerani, kapena tumizani munthu wodziwa kumasula zimenezi. Abwere lero lomwe.

A. V., Insaca

Mdzukulu wanga A. V.,

Yankho ili ndakutumiziratu pafoni lisanatuluke m'nyuzi, poti nkhani ya mwana siyodikira.

Khanda lotentha thupi masiku awiri, lokana bere, ndi la kuchipatala. Akaliyeze malungo. Udzudzu wa kwanuko sudziwa kuwerenga, umaluma olembedwa ndi osalembedwa omwe.

Tsono za kaderno. Chimene waonacho ndi chithunzi cha mtundu wanu. Kozungulira ndi mkazi, kamakona atatu ndi mwamuna, odulidwa ndi amene anatisiya. Kayang'anenso, Samueli wadulidwa? Mzerewo ukungonena kuti iye anatuluka mwa iwe, iwe mwa amayi ako, iwo mwa agogo ako. Unaujambula ndiwe tsiku lija unabereka, Yunike wangodutsamo ndi cholembera.

Sosiolojia ndi kuphunzira mmene anthu amakhalira pamodzi: wakwatira kuti, akulamula ndani, bwanji akutero. Ndi zomwe mumachita pamjigo m'mawa uliwonse, kungoti mnzanuyo amalemberapo mayeso. Za mutu wa nsomba zija, nanenso ndakalamba ndikudikira yankho.

Yunike naye ndili naye mawu. Munthu akachita mantha sumuseka. Akhale nawe pansi, akuwerengere chithunzicho dzina ndi dzina. Ngati mtima sukhazikikabe, afufute dzina la mwana, alembepo chilembo chimodzi, purofesora sangakane. Akapepesenso kwa amayi. Wofunsa za maliro amayamba wapempha, ndipo misozi ikagwa amaika cholembera pansi.

Kadernoyo mufukule mumpungamo mbewa zisanayambe sekondale. Ukamuwotcha, mwana sachira, ndipo Yunike adzayambiranso mafunso onse aja.

Koma tamvera, usadikire Loweruka, usadikire womasula, usadikirenso ine. Mafupa angawa kuti afike ku Insaca pa shapa, timinibasi tathu tija, ndi masiku awiri, pomwe chipatala uli nacho pafupi. Bereka mwana, Yunike anyamule matewera, nyamukani.

Agogo