Magiya a malemu ali m'galimoto yathu

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Chelstone, ndimagwira ntchito ya unamwino. Nkhani yangayi ndikaifotokoza, ena amandituma kwa makanika, ena kwa ansembe, ndiye ndati ndiyese inu.

Amuna anga, ba Wilbroad, ali m'kagulu ka anthu okonda kukwera miyala ndi galimoto. Loweruka amapita kumapiri kupitirira Chongwe, kukakwawitsa magalimoto pamatanthwe. Anawalowetsa m'masewerawa ndi mnzawo wa kuubwana, ba Dunstan a ku Woodlands, munthu wamtali, wokonda kuimba likhweru.

Ba Dunstan anali atamangitsa kabokosi kena ka magiya kumbuyo kwa giyabokosi, kokhala ndi magiya otsika kwambiri. Akalowetsa giya imeneyo, galimoto inkayenda yokha popanda kuponda mafuta, pang'onopang'ono kuposa munthu woyenda ndi ndodo. Iwo ankatsika n'kumayenda chafutambuyo kutsogolo kwake, akuikodola ndi dzanja, anzawo akuseka ndi kujambula pafoni.

Chaka chatha, m'nyengo yotentha, ba Dunstan anachita zomwezo pathanthwe lina. Anaterereka, mwendo n'kulowa mumng'alu. Galimoto sinathamange ayi. Inangobwera monga inkabwerera masiku onse, n'kuwapanikiza kumwala. Amuna anga anathamanga kukazimitsa injini, koma anafika mochedwa.

Maliro atatha, mkazi wa malemu, ba Chalwe, anagulitsa galimotoyo. Wogulayo sanafune kabokosi kaja, choncho kanamasulidwa n'kusiyidwa pakhonde. Ba Chalwe anaimbira amuna anga kuti, "Bwelani mutenge ichi chinthu, sinifuna kuchiona panyumba panga." Ine ndinkayesa kuti akataya. Iwo anapita nako ku galaja ina ku Kabwata, n'kukamangitsa m'galimoto yathu.

Kuyambira pamenepo galimoto ili ndi kaphokoso koonda, kokwera ndi kutsika, ngati munthu akuimba likhweru pansi pa mpando. Tsiku lina tikupita ku Misa ndinamva amuna anga akuliyankha likhwerulo, iwo osadziwa kuti akutero.

Mwezi watha, Loweruka m'mawa dzuwa lili phwee, ndinali kuyanika zovala pafupi ndi mpanda. Amuna anga analiza injini kuti itenthe, n'kulowa m'nyumba kukatenga foni. Galimoto inali italoza kugeti, ine ndili cha kumbali, nditaifulatira. Ndinamva likhweru lija likuyandikira, koma ndinali nditalizolowera. Kenako china chake chinandikhudza kumbuyo kwa ntchafu, mofatsa, ngati mwana akufuna kundiuza kanthu. Nditacheuka, inali bampala ya galimoto. Kutsogolo kwanga kunali mpanda.

Aphungu, inkandikankha mosapupuluma, ndipo pachiwongolero panalibe munthu. Ndinadzipotokola n'kugwera m'maluwa, chitenje changa n'kutsala pakati pa chitsulo ndi khoma. Galimoto sinaime. Tayala linagwira mpanda n'kuyamba kukwera, mabuloko akuphwanyika.

Amuna anga anatuluka n'kuzimitsa injini. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti sanayambe ayang'ana ine. Anaima n'kumayang'ana tayala lili m'mwamba pakhoma, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amake Tanya, mwaona mwamene ikwelela?" Pambuyo pake ndi pamene anandidzutsa, ndipo analira.

Akulumbira kuti anaisiya pa nyutulo, handibuleki atakoka. Nditasuzumira mkati ndinapeza mpando wa dalaivala uli kumbuyo kwenikweni. Amuna anga ndi aafupi, mpando ukakhala pamenepo sangafikire kilachi.

Tsopano anzawo andiuza kuti kumapiri amuna anga nawonso ayamba kutsika n'kumayenda kutsogolo kwa galimoto. Mwezi wamawa kagulu kawo kakubwerera ku thanthwe lomwe lija. Nditawaletsa anati, "Ba Dunstan sibanasilize. Tizasiliza pamozi." Ndikatchula zochotsa kabokosiko amati popanda magiya otsika galimoto singakwere mwala.

Kodi palibe magiya ena amene angaike? Nanga chili m'galimoto mwathumu n'chiyani?

E.M., Chelstone, Lusaka

Mayi E.M.,

Pepani kwambiri. Mwapulumuka pang'onong'ono, ndipo mantha anuwo ndi a munthu wanzeru. Tiyambe ndi chitsulo, chifukwa chitsulo chimamasuka ndi sipanala.

Galimoto yotere ili ndi ndodo za magiya zoposa imodzi. Afunseni amuna anu kuti ndi ndodo iti imene anaisiya pa nyutulo. Ngati giya yaikulu inali pa wani, iwo n'kumasula ndodo ya kabokosiko yokha, kunjenjemera kwa injini kungathe kuigwetsera mkati, makamaka ngati yatha kapena anaimanga mokhota. Magiya otsika chotere amachulukitsa mphamvu moti injini sizima, ndipo handibuleki yotopa amangoikoka. Matayala akutsogolo amatsata kutsetsereka kwa bwalo, n'chifukwa chake ingathe kukhotera kumene munali. Likhwerulo nalonso limadziwika: magiya ena amalira choncho, ndipo otha kapena osowa oilo amalira kwambiri.

Za mpando ndilibe yankho, ndipo sindikunamizani kuti ndili nalo. Koma simukufunika kudziwa amene anausuntha kuti muchotse chinthu chimene chinali m'galimoto yopha munthu, n'kutsala pang'ono kuphanso wachiwiri.

Zoti popanda kabokosi ka malemu galimoto singakwere, si zoona. Kabokosi kamene inabwera nako kuchokera kufakitale kali kale ndi giya yotsika, yokwanira mapiri, matope ndi miyala yambiri imene munthu wa banja ayenera kukwera. Ngati akuona kuti ikuthamangabe pamwala, pali magiya atsopano olowa m'kabokosi komweko, otsitsa liwiro pamwala koma osasintha kayendedwe ka pa tala. Ena amasintha magiya a m'madifu, aja a pakati pa matayala, koma zimenezo zimakhudza ulendo uliwonse: pa Great East Road injini izingokuwa, mafuta akutha. Kusanjikiza mabokosi awiri monga anachitira malemu n'kwa galimoto ya masewera okhaokha, osati yopita ndi banja ku Misa.

Choncho sabata ino galimotoyo ikokedwe, isayendetsedwe, ipite kwa makanika wodziwa magalimoto a m'tchire, osati amene anamanga uja. Mupite nawo limodzi, muone ndi maso anu kabokosi ka malemu kakutsitsidwa. Kasabwerenso kunyumba, ndipo musapatse munthu wina. Kapite kwa ogula zitsulo zakutha, akakaphwanye. Mabuleki ndi handibuleki ayang'anidwe tsiku lomwelo.

Koma vuto lalikulu silili pansi pa galimoto. Amuna anu anaona mnzawo akufa iwo akuthamanga, ndipo mumtima mwawo akuthamangabe. Munthu wodziimba mlandu amayamba kuvala makhalidwe a womwalirayo, ndipo mawu akuti "tizasiliza pamozi" musawatenge ngati nthabwala. Monga namwino mukudziwa kumene kuli alangizi othandiza anthu osweka mtima. Apezereni mmodzi, ndipo muwafunse mosabisa ngati amaganizako zofuna kufa. Funso limenelo silipha munthu. Ansembe anu abwerenso adzapemphere panyumba, adalitse ndi galimoto yomwe ngati mtima wanu ungakhazikike potero. Pemphero ndi sipanala siziletsana.

Musalimbane nazo nokha. Uzani akuluakulu a kwawo kwa amuna anu zimene zinachitika pampanda, ndipo muwaonetse khomalo lisanakonzedwe. Mukaonanenso ndi ba Chalwe. Ngati angathe kupirira, alankhule ndi ba Wilbroad, chifukwa iwo ndi amene akudziwa chimene chimatsala panyumba masewerawa akalakwika. Amene amatsogolera kagulu kaja muwauze poyera kuti ulendo wa mwezi wamawa amuna anu sapita, ndiponso kuti pasapezeke munthu woyenda kutsogolo kwa galimoto yopanda dalaivala.

Chenjezo langa ndi ili. Ba Wilbroad angavomere ndi pakamwa, kenako n'kunena kuti aiyese komaliza asanachotse. Musalole. Kufikira tsiku limene kabokosiko katuluke, makiyi onse, ndi apadera omwe, akhale m'chikwama chanu cha kuntchito, batire lichotsedwe, matayala atsekeredwe ndi miyala. Mukadzabwera kuchokera kuntchito n'kumva injini ikulira kuseri kwa geti, musatsegule. Imani pamsewu, muitane anthu.

Phungu wanu